Mpando wa Adada Wasamuka

Wenya,
Chitipa.
22 Januwale 2025

Okondedwa achimwene a Frackson,

Khalani pansi, vulani chipewa chanu cha kumgodi, ndipo ngati alamu ali pafupi aitaneni adzamve nawo. Ndikulengeza kwa inu, monga mwana woyamba wa a Wilson Simwaka, kuti Lolemba pa 13 Januwale, 8 koloko m'mawa, mpando wa adada unasamutsidwa. Unachoka pakona ya kabati, pamene wakhala chifoleredwe cha nyumba ino, n'kuyenda mapazi asanu ndi awiri kukafika mbali ina ya tebulo, moyang'ana zenera. Palibe amene anavulala. Kuseri kwake tinapezako batani, chivindikiro cha bolopeni, ndi chipeso cha amayi chija tinakwapulidwira tonse awiri mu 1996 kuti tachitaya. Ankhazi a Mercy, alongo awo a adada aja, akutsutsa chiganizochi mpaka lero, ndipo apempha kuti kutsutsa kwawo kulembedwe. Ndalemba.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko ku Francistown, inu, alamu ndi ana? Kuno tadzuka. Mauthenga anu a mawu ndimawalandira onse, asanu ndi anayi nthawi imodzi, ndikakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pamene netiweki imapezeka. Ndimawamvetsera mwaulemu nditaimirira pamwamba pa chiswe. Malangizo anu a adyo, a mafuta a nsomba ndi a m'busa wa pa intaneti uja ndawasunga pabwino. Ndasankha kukulemberani papepala chifukwa papepala simungandidule mawu, komanso mu envulopuyi ndaikamo kanthu kamene foni singanyamule.

Funso lanu la sukulu ya ukaputeni, limene mwafunsa kasanu, ndiliyankha. Koma muyambe mwamva za mpando.

Pafoni ndakhala ndikukuuzani kuti adada akupezako bwino. Sikuti ndinkanama, ndinkangosankha zonena. Sitiroko ya mu Novembala inatenga dzanja lamanja lonse ndi theka la mwendo. Mutu uli bwinobwino, dzulo lomweli anandikonza Chingerezi. Kulankhula kumachedwa, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, koma amafika kutsidya. A Timothy, bambo wa ku Mulanje amene amawongola ziwalo kuchipatala cha pa Boma, anawayeza kameza, anawayeza dzanja lamanzere, n'kunena kuti munthuyu atha kudzidyetsa yekha mawa lomwe. Anatipatsa supuni ya chigwiriro chonenepa. Supuniyo inakhala mu kabati masabata asanu ndi awiri.

Mukuwadziwa bambo anu. Zaka makumi atatu anali mphunzitsi wamkulu, ndipo m'dera lino muli amuna a imvi amene mpaka lero akanyamula kapu ndi dzanja lamanzere amayamba acheuka. Munthu wotero angadye ndi dzanja limene anathera moyo wake akulithamangitsa m'makalasi? Analibisa pansi pa bulangete ngati mbuzi yakuba. Ankhazi, amene amati mlongo wawo wamng'ono sangafe ndi njala iwo ali maso, ndiwo ankawadyetsa. Supuni zitatu, pena zinayi, kenako pakamwa patsekedwa.

"Wilson, yasama."

"Ndakhuta."

"Wakhuta chiyani? Mphepo?"

"Mercy, ine si khanda."

"Bola khanda, likamva njala limalira."

Lamba wawo ndinamuboola kawiri ndi msomali. Titapita ku Boma pa 3 Januwale, a Timothy anawakweza pasikelo, anayang'ana, anawatsitsa, n'kuwakwezanso ngati yalakwa ndi sikelo. Kenako anandiitanira pakhonde. Anati, "Achemwali, ndinene mosabisa. Sitiroko inawasiya amoyo, koma njalayi siwasiya. Mwezi uno ukatha chonchi, tiwagoneka n'kuwaika kapaipi kodyetsera m'mphuno." Ndinawauza kuti a Simwaka kapaipi kotero angakazule ndi mano. Anati, "Ndiye mwamva chimene ndikunena."

Apa mundilole ndikukumbutseni mlandu wanu, pakuti simunauzengedwe. Chaka cha 1992, ine ndili Sitandade 1, patebulo lomweli. "Adada, Tiwonge wagwiranso ndi lamanzere!" Mawu amenewo anali a ndani? Adada ankadzuka osakwiya n'komwe, kutenga tayi yawo yakale, kumangirira dzanja langa kumsana kwa mpando, n'kubwerera kukapitiriza kudya. Ankati akundikonzera tsogolo, pakuti mkazi wopereka madzi kwa apongozi ndi dzanja lamanzere amabwezedwa kwawo ndi katundu wake yemwe. Materemu awiri ndinadya chomangidwa. Zinathekadi. Kalatayi ndikulemba ndi lamanja, ndipo apongozi amene ankandikonzerawo mpaka pano sanatulukire.

Chimene sindinakuuzenipo ndi tsiku langa loyamba kusukulu ya ndege. Wophunzira amakhala mpando wa kumanzere. Mphunzitsi anati dzanja lamanja ligwire kachitsulo ka mphamvu ya injini, lamanzere ligwire chiwongolero. Ndinamuyang'ana kuti kapena akundiyesa. Ndinali ndi digiri ya fizikisi m'chikwama ndi zaka makumi awiri ndi zisanu pamutu, koma khosi linadzipinda lokha kudikira rula. Rula sinabwere. Dzanja lija linagwira ngati munthu wobwerera kwawo atakhalitsa kundende. Nditalembedwa ntchito anandisamutsira mpando wa kumanja, wa wothandizira kaputeni, kumene zonse zimatembenuka, ndipo ndakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Adada sanadziwepo zimenezi. Iwo ankangodziwa kuti mwana wawo amayendetsa ndege, ndipo ankakhulupirira kuti amayendetsa mwaulemu.

Pofuna kuti adye, ndinayamba ndi nzeru za kuyunivesite. Ndinawafotokozera za ubongo, mbali zake ziwiri, mitsempha imene imaphunzira njira zatsopano, mpaka kujambula papepala. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Mutu wa phunziro unalipo, koma mwana sanamve. Anayi pa khumi." Ndinayesa kunyengerera. Ndinayesa kukalipa, n'kuphunzira kuti ngakhale ndi theka la pakamwa amathabe kufunsa kuti, "Ukulankhula ndi ndani?" Choipitsitsa chinachitika pa Khirisimasi. Akulu a mpingo anabwera kudzawaona, a Aaron Kayange patsogolo ndi "Monire, asambizgi!" wawo uja wopatsira moni aphunzitsi, dzanja atatambasula kuyambira pakhomo. Adada analiyang'ana dzanjalo. Lamanja silinadzuke, lamanzere silinatuluke m'bulangete. A Kayange anakhala chitambasulire, mpaka anaona kuti kuli bwino akande nalo m'mutu. Kuyambira tsikulo adada analamula kuti alendo aziuzidwa kuti agona.

Nkhani inadzatseguka yokha pa 9 Januwale, Lachinayi masana. Pofuna kuthawa supuni ya ankhazi, adada anatembenukira kwa ine.

"Sukulu ukupitayi. Zaka naini ukuyendetsa. Akakuphunzitsanso chiyani?"

"Zambiri, adada. Kulamula anthu, kugamula zinthu zikavuta. Komanso kusintha mpando."

"Kukhala pampando amaphunzitsa?"

Ndinawafotokozera kuti kutsogolo kwa ndege kuli mipando iwiri, ndipo zokankhira mphamvu ya injini zili pakati, zogawana. Wa kumanja amazigwira ndi dzanja lamanzere, n'kumawongolera ndege ndi lamanja. Kaputeni amakhala kumanzere, ndiye injini zimamugwera kudzanja lamanja.

"Nanga chiwongolero?"

"Lamanzere."

Ankhazi anaona ngati mwayi wapezeka n'kubweretsa supuni, koma anapeza pakhomo potseka.

"Kaputeni uti?"

"Aliyense."

"Azungu omwe?"

"Dziko lonse, adada."

"Ija ndinakwera ine popita ku semina ku Harare?"

"Imeneyonso."

"Anatitsitsa kumwamba konse kuja ndi dzanja lamanzere."

"Ndipo munawomba m'manja. Munatiuza nokha."

Ankhazi anati n'chifukwa chake iwo amayenda pansi. Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi. Chimene chinawagwira adada si manyazi a makaputeni, koma kaphunzitsidwe. Anafunsa kuti, "Munthu wamanja, wa zaka fote, mumamutembenuza bwanji?"

Ndinawauza zimene amanena a Kaputeni Trevor, amene amatiphunzitsa m'simuleta, bokosi lija limagwedezeka ngati ndege yeniyeni koma lili pansi. Iwo amati dzanja saliphunzitsa, amangosintha mpando. Ukakhala kumanzere, lamanja limatanganidwa ndi injini, ndiye lamanzere limaona lokha kuti palibe wina woti agwire. Amatinso usaliyang'ane. Ukaliyang'ana limachita manyazi n'kuyamba kunjenjemera. Maso akhale kutali, kumapeto kwa msewu wa ndege, ndipo dzanja lidzatsatira maso. Poyamba umatera pambali pa mzere wapakati, chifukwa diso linazolowera kuuona kuchokera mbali inayo, ndipo pofuna injini umapezeka ukupapasa zenera. Ine zinandichitikira nditasamukira kumanja, ndinalisisita zenera lija ngati mphaka, kaputeni akundiyang'ana. Koma pakatha maola angapo thupi limaiwala kuti linali ndi mbali. Amene amavutika kwenikweni ndi wophunzitsa. Amakhala pambali manja ali pamiyendo, kuona ndege ikupendekeka, osaigwira. Amangonena kuti, "Ndege ili ndi iwe," winayo n'kuyankha kuti, "Ili ndi ine." Zikanenedwa zimenezo, zanenedwa.

Adada anati, "Hmm. Njira yake ndi yabwino. Kwa ana a anthu ena." Kenako anapempha kuti akapume.

Ine ndinatsala patebulo ndikuyang'ana mpando wopanda munthu. Achimwene, taukumbukirani pamene unkakhala. Kumanzere kwake kabati, yogundana ndi chigongono. Kumanja bwalo lonse: kapu, wailesi, Baibulo, ankhazi ndi supuni yawo. Munthu anadzikhazika zaka zonsezi pamalo pamene dzanja lamanzere silingatambasuke ngakhale litafuna, ndipo ife, ndi madigiri athu, tinkaika mbale kumbali ya dzanja lakufa chifukwa ndiko kwaulemu.

Limenelo linali Lachinayi. Lachisanu tilidumphe kaye.

Lolemba m'mawa, a Sosten, msuweni wathu wa njinga yamoto uja, akuwasambitsa monga amachitira tsiku lililonse, ndinakoka mpando. Ndinauika mbali inayo: khoma kudzanja lakufalo, lamanzere poyera, nkhope kuzenera. Mbale ya phala la mawere, supuni yonenepa ija ndi kapu ndinaziika kumanzere. Ankhazi anatulukira kukhitchini atagwira m'chiuno.

"Mpando umenewo anauika pakona paja ndi amayi ako."

"Amayi anaika pamene adada analoza, ankhazi."

"Ndiye iwe wabwera ndi ndege zako kudzasuntha akufa?"

"Ndasuntha mpando."

"Nanga ine ndikhala pati pomudyetsa?"

"Simuwadyetsa."

Zimene ananena pamenepo anazinena m'Chitumbuka chakuya, ndipo sindizilemba, kalatayi ingagwere m'manja mwa ana.

Adada analowa atatsamira pa a Sosten. Anayang'ana pakona pawo popanda kanthu, n'kuyang'ana ine. Mwendo sunawalole kuima nthawi yokwanira mkwiyo wawo wonse, ndiye anakhala. A Sosten anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali munthu akuwadikira pamsika. Ine ndinakhala kumanzere kwa adada, chapatali pang'ono, ndinakhalira manja anga, n'kunena kuti, "Supuni ili ndi inu, adada."

Phala linazizira mpaka kuuma pamwamba. Masana chimodzimodzi. Chakumadzulo ndinalola ankhazi kuti awamwetse mankhwala ndi tiyi wa mkaka, koma chakudya ayi. Lachiwiri m'mawa, chimodzimodzi. Ankhazi anakakhala pakhonde n'kumalira mokweza, kuti opita kumunda amve kuti mwana wophunzira akupha bambo ake ndi njala, ndipo kunena zoona, achimwene, sindinali wotsimikiza kuti akunama. Ndakumanapo ndi nyengo zoipa m'mwamba, koma sindinakhalirepo manja anga molimba chomwecho. A Trevor ali ndi batani loimitsira bokosi lawo zikavuta. Ine ndinalibe. Ndinadziuza kuti dzuwa la Lachiwiri likalowa asanadye, ndibweza mpando pakona ndipo ndipepesa kwa onse, amoyo ndi akufa.

Masana a Lachiwirilo kunagwa mvula. Pazenera limenelo pamaonekera chitini chawo choyezera mvula, chija chili pamtengo pakati pa bwalo, chimene akhala akuchiwerenga m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope kuyambira ife tisanabadwe. Ali pakona yakale sankachiona. Ndivomere kuti ine sindinachiganizireko, ndinangofuna kuti maso awo akhale kutali. Anachiyang'ana nthawi yaitali, madzi akusefukira m'mbali.

"Chadzaza."

"Eya."

"Akukhuthula ndani?"

"Palibe."

"Kuyambira liti?"

"Novembala."

"Novembala! Mvula yonse ya Disembala yapita osalembedwa? M'nyumba muno muli munthu wa digiri ya sayansi!"

Anali akuloza, achimwene. Chala chili njo kuzenera, ndipo chinali cha kumanzere. Anandikalipira bwino kwambiri. Ananena za ulesi wa ana a masiku ano, za ophunzira amene sadziwa kuti chimanga chimamera ndi madzi, za inu. Ine maso pachitini, dzanja osaliyang'ana. Pamene ankafika pa mfundo yakuti m'dziko muno mulibenso munthu wosunga kaundula wa chilichonse, dzanja lija linatsika, linapeza supuni pamene ndinaiika, n'kuyamba kugogoda nayo patebulo potsindika mawu. Anagogoda katatu. Kachinayi anaiona.

Tinangotsala atatu, ine, iwo ndi supuni.

"Ili ndi inu," ndinatero, ndikuyang'anabe panja.

Mvula inapitiriza kugwa padenga, mwina mphindi ziwiri zathunthu.

"Ili ndi ine," anatero.

Yoyamba inathera patsaya. Yachiwiri pamalaya. Zimenezi ndinangozimva ndi khutu, pakuti ndinali wotanganidwa kwambiri ndi kuwerenga madontho otsika pamalata. Yachitatu inalowa.

"Tatera pati?" anafunsa.

"Pambali pa mzere, adada, koma okwera onse ali moyo."

"Usandiseke."

"Sindikuseka."

"Phalali lazizira. Amaphika ndani zimenezi?"

Ankhazi, amene nthawi yonseyi anali kuseri kwa chitseko, anayankha kuti amaphika ndi munthu amene wakhala akudya mwano wake miyezi iwiri. Analowa kudzatenga mbale kuti akatenthetse, akupukuta m'maso ndi chitenje n'kumanamizira utsi. Tsiku limenelo adada anadya supuni khumi ndi zinayi. Inde, ndinawerenga.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Mbale amamaliza. Nthochi amasenda okha, ndi mano ndi dzanja limodzi, ndipo salola munthu kuwathandiza ngakhale itagwa pansi. Zakudya zogwira ndi manja amadya chitseko chili chotseka, ndipo alendo akuuzidwabe kuti agona, kupatula a Kayange, amene Lamlungu anapatsidwa moni wa dzanja lamanzere n'kuulandira ndi manja awiri atawerama, ngati akulandira mgonero. A Timothy tikawaona pa 31, ndipo sikelo ndiyo idzanene. Sindikulonjeza kanthu.

Lachisanu lapitali, ali pakati pa kudya, osandiyang'ana, adada anati:

"Tayi ija inali yofiira."

Ndinadziwa tayi yake. "Inali yabuluu, adada."

"Yofiira. Ya ku Mbeya. Yabwino kwambiri. Unaiwononga ndi mano."

"Pepani."

"Hmm." Anatafuna kwa kanthawi. "Mfundo ndinkamanga yothina?"

"Pang'ono."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kudya. Ngati mukudikira mawu ena oposa amenewo, achimwene, ndiye kuti simukuwadziwa a Wilson Simwaka. Ine ndinalandira omwewo. Kenako anafunsa kuti sukulu yanga ija ikuyamba liti, ndipo ndinabwereza zimene ndauza aliyense kuno, kuti anaisuntha. Anandiyang'ana monga ankayang'anira ana onena kuti achedwa chifukwa mtsinje unadzaza, mu Okutobala. Sananditsutse. Anangoti, "Bweretsa kope la mvula."

Kapepala kali mu envulopuka n'kanu. Analemba kawiri, m'kope ndi pakapepalako, ati kuti mwana woyamba aone kuti kuno ntchito ikuyenda. Manambala ake akuoneka ngati papalasa nkhuku, ndipo 7 wayang'ana chammbuyo, koma amenewo ndi mamilimita 17 a pa 20 Januwale, olembedwa ndi dzanja lawo. Anadzipatsa okha atatu pa khumi. Kapepalaka musakatumize pa intaneti.

Zopempha zanga ndi izi. Tumizani nsapato zopanda zingwe, nambala 8, ndi malaya awiri a mabatani akuluakulu. Adyo tili naye. Pa Isitala mubwere inu mwini, osati mawu anu okha, pakuti a Sosten nawonso ali ndi banja ndipo msana wawo ndi umodzi. Ndiponso chotsani chithunzi changa chija pafoni panu, chimene munalembapo kuti Kaputeni Tiwonge n'kuikapo timbendera.

Tsopano Lachisanu lija ndinalidumpha.

Sukulu sanaisunthe. Inayamba pa 13, 8 koloko m'mawa, ku Joni, nthawi imene ine ndinali kukoka mpando. Ndinayenera kunyamuka kuno pa 10. Chikwama chinali pakhomo, a Sosten ataliza kale njinga. Ndinalowa kukatsanzika, ndinagwada, ndipo adada, posafuna kutulutsa dzanja, anandidalitsa ndi mutu. Pogwedeza mutupo bulangete linatsetsereka. Wotchi yawo ija, imene inkawathina mpaka kusiya chizindikiro, inali itatsika kufika pafupi ndi chigongono. Ndinatuluka n'kuwauza a Sosten kuti azimitse njinga. Kenako ndinakwera pachulu n'kuimba foni kuofesi.

Kuofesi anandimvetsa. Anandiwonjezera tchuthi mpaka kumapeto kwa Febuluwale, ndipo analankhula mokoma. Koma malo m'bokosi muja ndi owerengeka, ndipo amatsata mndandanda. Anga anapatsidwa kwa Emmanuel, amene ndinamuphunzitsa ndekha kulankhula pawailesi ya ndege osachita chibwibwi. Ndi woyendetsa wabwino. Ikamafika Meyi ndizikhala kumanja kwake n'kumamuti bwana. Mwayi wina udzapezeka wina akadzapuma ntchito, kapena kampani ikadzagula ndege ina. A Trevor akuti zaka ziwiri. Ananena ndi mawu aja timauzira okwera kuti tichedwa mphindi khumi zokha.

Musawauze adada, ngakhale ndikuganiza kuti akudziwa, pakuti chiyambire kundifunsa funso lija amamaliza mbale ngakhale phala litapserera. Musandiimbirenso kudzandiuza kuti ndikananena mukanabwera inu. Ndikudziwa kuti mukanabwera. Koma simukanakhalira manja anu, mukanawadyetsa, chifukwa mtima wanu ndi wofewa kuposa wanga.

Moni kwa alamu a Dorothy, kwa Mwiza ndi kwa Uchizi. Agogo awo akufunsa ngati Mwiza wadziwa kuchulukitsa ndi 7. Pakanema munatumiza uja, Uchizi akujambula nyumba, ndinaona dzanja limene amagwirira pensulo. Adada nawonso anaona, ndipo anandiuza kuti ndibwereze kanemayo kawiri. Akuti kope muzimupendekera chakumanja, kuti dzanja lisamafute zimene walemba.

Ankhazi akupereka moni, ndipo akuti mpando ubwerere. Dzulo, pofuna zochapa m'chikwama changa, anapeza tinsalu ta paphewa ta mizere inayi ta ukaputeni, timene ndinagula mu Okutobala mopupuluma. Anafunsa ngati n'tofunika. Ndinati pakadali pano ayi. Atiika mu kabati, pamodzi ndi makapu a amayi a alendo aja, amene sitinamwerepo.

Ndine mlongo wanu,
Tiwonge